Si nyengo yokha imene inamaliza nyama zikuluzikulu

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akukhulupirira kuti mammoth, nyama yaubweya yofanana ndi njovu, pamodzi ndi nyama zina zikuluzikulu, zinatha chifukwa cha kutentha kwa dziko kokha. Maganizo amenewa ndi operewera kwambiri, pakuti nyamazi zinali zitapirira kale kusintha kwa nyengo kangapo, koma ku North America zambiri zinazimirira zaka pafupifupi 13,000 zapitazo, pamene alenje a mikondo anali atafalikira kumeneko. Nyengo inachepetsadi msipu, komabe nyama yoswana pang'onopang'ono, monga njovu imene imakhala ndi bere miyezi 22, mtundu wake umatha ngakhale alenje azipha zochepa chaka chilichonse. Pachilumba cha Wrangel, chomwe chili m'nyanja yozizira kumpoto kwa Russia, kumene anthu anachedwa kufika, mammoth anakhalapobe mpaka zaka pafupifupi 4,000 zapitazo.