PSA ikakwera si nthawi yothawa chipatala

Ndatopa kumva abambo akunena kuti "andipeza ndi khansa" pamene angolandira zotsatira za PSA. Kuyeza PSA sikupeza khansa. PSA ndi puloteni yopangidwa ndi prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo imakwera prostate ikakula chifukwa cha ukalamba, ikatupa, kapena mukakhala ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Ngakhale kukhala malo amodzi ndi akazi anu kapena kupalasa njinga kwambiri m'maola 48 musanapereke magazi kungaikweze. Mwa amuna 4 amene PSA yawo yakwera, pafupifupi 3 sapezeka ndi khansa.

N'chifukwa chake ife achipatala timayamba tayeza mkodzo. Mukapezeka tizilombo timapereka mankhwala, n'kudikira masabata 6 tisanayezenso magazi, kuti tione ngati nambalayo ikukwerabe. Ngati mumamwa finasteride, mankhwala ochepetsa kukula kwa prostate, nenani, chifukwa amatsitsa PSA ndi theka n'kutisocheretsa.

Ikakwerabe timayeza ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Apa ndi pamene ambiri amazemba, chonsecho sizitenga n'komwe mphindi ziwiri. Kenako pamabwera sikani ya MRI ngati ilipo, ndiyeno kutapa tinyama ta prostate ndi singano. Tinyamato ndi timene timanena zoona. Khansa ikapezeka imapatsidwa nambala ya Gleason yosonyeza kuopsa kwake, kuyambira 6 mpaka 10, ndipo ya 6 kawirikawiri timangoiyang'anira popanda opaleshoni.

Pali bambo wina amene amandiwawabe mumtima. PSA yawo inkakwerakwera, tinagwirizana tsiku lotapa tinyama, koma sanabwere. Wogulitsa zitsamba pa Facebook anawauza kuti singano imamwaza khansa, ndipo anawagulitsa mabotolo "otsuka prostate". Bamboyo ankakodza bwinobwino, ndiye anaganiza kuti achira. Koma khansa ya prostate ikamayamba nthawi zambiri siipweteka, siitsekanso mkodzo! Anabweranso atanyamulidwa ndi ana awo, msana ukuwawa, miyendo itafooka. Khansa inali italowa m'mafupa a msana. Chomwe tinatha ndi kuchepetsa ululu ndi kuwabaya jakisoni wotsitsa testosterone, homoni ya amuna imene imakulitsa khansayi, kuti matendawo asathamange. Kuchiza kunali kutadutsa.

Ogulitsa mabotolowa sadzakhalapo tsiku limene miyendo idzakane kuyenda. Ngati PSA yanu inakwerapo ndipo tsopano msana ukuwawa osaleka, miyendo ikuchita dzanzi, kapena mkodzo ukungotuluka wokha, pitani kuchipatala lero lomwe, chifukwa mitsempha ya mumsana ikapanikizika kwa masiku ochepa chabe munthu amatha kulumaliratu.