Tchalitchi chomangidwa pabwalo lopondera nkhope ya Yesu

Ukatsika sitima ku Nagasaki, sipatha mphindi khumi usanafike pa kaphiri ka Nishizaka. Magulu a mipingo opita ku Japan amakonda kuyambira pamenepo, ndipo ifenso tinatero. Pachikhoma chachitali pandandalikidwa zifanizo 26 zamkuwa za Akhristu amene anaphedwera pamenepo, mapazi ali lende, osagunda pansi. Zitatu ndi zazifupi kuposa zinzake. Amenewo ndi ana, ndipo wamng'ono kwambiri, Louis Ibaraki, anali ndi zaka 12. Amayi ena a m'gulu lathu atamva zimenezi anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Kizito wa kuno ameneyu," kukumbukira mnyamata wa ku Uganda uja amene anafera chikhulupiriro.

Chikhristu chinalowa m'dzikomo ndi Francis Xavier, yemwe anakocheza ku Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549. Chinayenda limodzi ndi malonda a Apwitikizi, chifukwa mfumu yolandira ansembe ndiyo inkaona zombo za silika ndi mfuti padoko pake. Mfumu ina yotero, Omura Sumitada, inabatizidwa mu 1563, ndipo mu 1580 inafika popereka doko la Nagasaki m'manja mwa ansembe a chipani cha Yesu. Toyotomi Hideyoshi, amene ankalumikiza dziko lonse pansi pa ulamuliro wake, zimenezi sizinamugoneke tulo, ndipo mu 1587 analamula kuti amishonale achoke. Lamulolo linakhala ngati logona mpaka 1596, pamene chombo cha ku Spain chotchedwa San Felipe chinasweka pagombe la Shikoku. Akuti mmodzi wa oyendetsa chombocho anadzitama kuti mfumu yawo imatsogoza ansembe, asilikali n'kubwera pambuyo. Pakamwa pa munthu mmodzi panapalamulira anthu 26. Anthu 24 mwa iwo anawadula nsonga ya khutu lamanzere ku Kyoto (ena awiri anawagwira panjira), n'kuwayendetsa pafupifupi mwezi wathunthu m'nyengo yachisanu, kenaka pa 5 Febuluwale 1597 anawapachika pa Nishizaka.

Mbiri ya ofera chikhulupiriro ndi yosavuta kuilalikira. Imene inatisokoneza ndi ya otsala.

Mu 1614 boma la a Tokugawa linaletseratu Chikhristu, panthawi imene Akhristu anali pafupifupi 300,000. Alimi a ku Shimabara, ambiri a iwo Akhristu olemedwa ndi misonkho, atagalukira mu 1637, anaphedwa pafupifupi 37,000 pa linga la Hara chaka chotsatira, ndipo mu 1639 Apwitikizi anathamangitsidwa. Banja lililonse linkayenera kulembetsa ku kachisi wa Chibuda. Woulula pamene pabisala wansembe ankalandira ndalama zasiliva 500. Koma chida chimene chinagwira mtima wa nkhaniyi chinali kachinthu kakang'ono kotchedwa fumi-e: chithunzi cha Yesu kapena Maria, poyamba cha papepala kapena pathabwa, kenaka chamkuwa. Kumayambiriro kwa chaka chilichonse akuluakulu a boma ankachiika pansi, ndipo aliyense, ngakhale wodwala amene ali gone, ankayenera kuchiponda.

Ambiri ankaponda. Akabwerera kunyumba ankanena pemphero la kulapa lotchedwa konchirisan, n'kudikira chaka chamawa kuti akapondenso.

Kwathu kuno timadandaula wansembe akatha miyezi iwiri osafika ku nthambi yathu, akatekisiti ndi a mphakati akuyendetsa okha mapemphero. Anthu awa anatha zaka zoposa 200 osaona wansembe ndi mmodzi yemwe. Anagawana ntchito m'mudzi. Chokata ankasunga kalendala ya mpingo kuti adziwe tsiku la Khirisimasi ndi Pasaka, mizukata ankabatiza makanda, ndipo kikiyaku ankayenda khomo ndi khomo kunong'oneza uthenga. Mapemphero awo, orasho, ankaloweza pamtima m'Chilatini ndi Chipwitikizi chosakanikirana ndi Chijapani, mpaka mawu ena anapindika osadziwikanso tanthauzo. M'nyumba ankasunga kafanizo ka Kannon wa Chibuda atanyamula mwana, iwo mumtima akudziwa kuti akuyang'ana Maria. Ku Sotome ankasimbirana ulosi wa mphunzitsi wina wotchedwa Bastian, woti pakatha mibadwo 7 ansembe adzabweranso.

Tchalitchi cha Oura chili pamtunda, ndipo njira yokwerera kumeneko yadzaza timashopu togulitsa castella, keke yofewa imene Apwitikizi anasiya. Chinamangidwa mu 1864, cha azungu a ku France okhala padoko, osati cha eni dziko. Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka alimi a ku Urakami, mudzi wa pafupi ndi Nagasaki, kanalowa ngati anthu ongodzaona nyumba yachilendo. Wansembe Bernard Petitjean atagwada, mayi wina anamuyandikira n'kumunong'oneza kuti mtima wawo ndi umodzi ndi wake, kenaka anafunsa kumene kuli chifanizo cha Santa Maria. Chifanizocho chikadalipo, cha kudzanja lamanja la guwa.

Munthu angaganize kuti apa mavuto anatha. Ayi ndithu. Chiletso chinali chikadalipo, ndipo a ku Urakami atayamba kukana kuti ansembe a Chibuda aziika maliro awo, anayamba kumangidwa mu 1867. Boma latsopano la Meiji linasamutsa anthu oposa 3,000 n'kuwamwaza m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo oposa 600 anafera komweko. Zikwangwani za chiletso zinazulidwa mu 1873, mayiko akunja atachita phokoso. Enanso, monga a pachilumba cha Ikitsuki, sanabwerere n'komwe ku Katolika. Anaona kuti kusiya mapemphero a makolo amene anawavutikira n'kuwataya makolowo, ndipo mabanja ochepa akupitirizabe mwambowo mpaka lero.

Obwerera ku Urakami anapeza minda ili thengo. Atapezako mphamvu, anagula malo pamene panali nyumba ya nyakwawa ya mudziwo, bwalo lomwe makolo awo ankapondera fumi-e chaka ndi chaka, nati tchalitchi chikhale pomwepo. Anayamba kumanga mu 1895, njerwa imodziimodzi, n'kuchitsegula mu 1914, ndipo nsanja za mabelu zinatha mu 1925. Pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ili 11:02 m'mawa, bomba la atomiki linaphulika mamita pafupifupi 500 kuchokera pamenepo. Mwa Akatolika 12,000 a parishiyo, pafupifupi 8,500 anafa. Tchalitchi chimene chilipo lero ndi cha 1959. Panja pake paima zifanizo za oyera zakuda ndi moto, zina zopanda mitu.

Mkangano wathu unabuka pamasitepe a tchalitchi chimenechi. Bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo kwawo, anati iye ulemu wake ukupita kwa a pa Nishizaka basi, chifukwa woponda nkhope ya Ambuye wawakana, kaya alire bwanji usiku. Amayi aja anamuyankha modekha: "Abambo, nanga onse akanakwera pamtanda, ana akanawabatiza ndani? Petitjean uja akanamunong'oneza ndani?" Bamboyo anati Petulo anakana katatu usiku umodzi, osati chaka chilichonse kwa mibadwo 7. Amayiwo anati iwo masamu a chifundo cha Mulungu sawadziwa.

Ine ndinali kumbali ya amayiwo, ngakhale sindinanene. A pa Nishizaka ali ndi mayina, Papa Pius IX anawatcha oyera mu 1862. Amizukata ambiri amene anaponda m'mawa n'kukabatiza mwana usiku, mayina awo palibe anawalemba, chonsecho mpingo wa ku Urakami ndi zidzukulu zawo.

Tikutsetsereka kupita kokakwera sitima ya mumsewu, wotiperekeza anatilozera m'mphepete mwa kamtsinje kumunsi kwa tchalitchi. Mutu wa nsanja imodzi ya belu ukadali pomwe unagwera mu 1945, chibuma chachikulu chomera udzu m'ming'alu. Belu la nsanja inayo analifukula m'phulusa lili lamoyo, nalipachika pamitengo, n'kuliimba usiku wa Khirisimasi chaka chomwecho. Bambo uja anaima nthawi yaitali akuyang'ana chibumacho, chipewa chili m'manja, mpaka tinachita kumuitana kuti sitima ikutisiya.