Chidindo cha notary pachokha sichikwatitsa anthu ku California

Anthu ambiri ku California, m'dziko la America, amaganiza kuti notary aliyense, poti ali ndi chidindo cha boma chotsimikizira masiginecha, angathe kupereka chiphaso cha ukwati wachinsinsi. Si choncho ayi.

Chilolezo cha unotary chimachokera ku ofesi ya Secretary of State m'boma la California, koma cha ziphaso zachinsinsi ndi china, ndipo amapereka ndi kalaliki wa county (chigawo chaching'ono cha boma) imene notaryyo amakhala. Notaryyo ayenera kulemba kalata yopempha, kulipira madola 300, ndi kuchita maphunziro okonzedwa ndi kalalikiyo. Chilolezo cha kalalikicho chimatha pakapita chaka chimodzi basi. Akafuna kupitiriza, alipirenso. Ziphasozo sadzipangira yekha, amakagula kwa kalaliki yemweyo.

Ndiye pali mawu oti "chinsinsi", amene amasokoneza anthu kwambiri. Ukwatiwu ndi weniweni pamaso pa malamulo, osati wozembera makolo kuseri kwa nyumba. Chobisika ndi kaundula wake: munthu wamba sangapite kukapempha kope, koma eni ukwati okha, kapena amene khoti lamulola. Lamuloli linayamba mu 1878, pofuna kuthandiza anthu amene ankakhalira limodzi kale ngati banja kuti alongosole zinthu popanda kuchita manyazi pagulu. Mpake kuti mpaka lero awiriwo ayenera kukhala oti akukhalira limodzi, azaka 18 kapena kuposerapo. Mboni sizifunika.

Kupereka chiphaso si kudalitsa ukwati. Mwambowo amachititsa ndi m'busa, woweruza kapena wina wololedwa, pasanathe masiku 90 chiperekereni chiphasocho.