N'chifukwa chiyani kukonza siteshoni ya sitima kumatenga zaka?

Amene amadalira sitima yapamtunda popita kuntchito mumzinda waukulu amaudziwa mpanda wa malata uja. Umamangidwa pakati pa siteshoni, n'kupachikapo chikwangwani cha chithunzi chokongola ndi tsiku lomwe ntchito idzathe. Tsikulo limafika n'kudutsa, mpanda ukadalipo. Mukasuzumira pamng'alu mumangoona mulu wa mchenga ndi zitsulo zochita dzimbiri, wogwira fosholo palibe ndi mmodzi yemwe. Ife mainjiniya a zanjanji timafunsidwa kawirikawiri kuti, "Kodi anthu inu mumatani kwenikweni?" Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake lili pawiri. Kuchedwa kwina kumabwera ndi ntchitoyo, ngakhale agwire ndani. Kwina n'kwa dala, ndipo kumeneko n'komwe apaulendo ayenera kukwiya nako.

Tiyambe ndi mchenga wosiyidwa masana uja. Siteshoni yomwe ikukonzedwa nthawi zambiri siitsekedwa, chifukwa kuitseka n'kusowetsa mtengo wogwira anthu masauzande amene alibe njira ina yofikira kuntchito. Choncho ntchito iliyonse yoyandikira njanji imagwiridwa usiku. Sitima yomaliza ikadutsa cha pakati pa usiku, amisiri sangolumphira panjanji ayi. Woyang'anira kayendedwe ka sitima ayenera atsimikize kuti njirayo yatsekedwa. Ngati sitima zake n'zamagetsi, mawaya apamwamba amazimitsidwa, wina amayeza kuti aonedi ngati mphamvu yatha, kenako amawalumikiza kunthaka kuti wina akayatsa molakwitsa pasafe munthu. Apa m'pamene makina amatsitsidwa. Kusanache, zonsezi zimabwerezedwa chobwerera m'mbuyo: zida zichoke, dzenje livindikiridwe, pokwerera pasesedwe, munthu ayende wapansi kuona ngati sipanatsale chitsulo panjanji. Pa usiku wonse, nthawi yogwiradi ntchito imatsala maola awiri kapena atatu. Kukachedwa galimoto ya konkire, kapena sitima yomaliza ikachedwa yokha, usiku umenewo wapita padera. Zili ngati kufolera nyumba eni ake akugonamo, aliyense akuyembekezera kuti podzuka apeza zonse zili m'malo.

Ndiye pali pulatifomu, pomwe anthu amaima podikira ndi pokwera. Kwa munthu wongoona, ndi simenti chabe. Kwa ife, m'mphepete mwake ndi mzere womwe umayezedwa m'mamilimita, chifukwa uyenera kugwirizana ndi khomo la bogi. Ukatalikira, pamatsala mpata womwe mwendo wa mwana umatha kulowamo, makamaka pomwe njanji yakhota, poti bogi ndi yowongoka ndipo siingatsatire kukhotako. Ukayandikira kwambiri, sitima imakhula. Ukatsika, agogo ndi mayi wonyamula khanda amachita kukwawa kuti akwere. Tsono mukati tiikweze pang'ono, mwasokoneza zambiri: masitepe sakufikanso bwino, makomo a zipinda zapasiteshoni atsala m'munsi, madzi amvula akuyenderera kolakwika, denga lafupika. Mukati tiitalikitse kuti pazikwana sitima ya mabogi ambiri, mupeza kuti kumapeto kwake kuli posinthira njanji ndi magetsi otsogolera oyendetsa sitima, ndipo kusuntha zimenezi n'kukonzanso dongosolo la chitetezo cha njira yonse.

Dziko la France linaphunzira izi mowawa mu 2014. Kampani ya sitima ya SNCF inagula sitima zatsopano zam'zigawo potengera miyezo ya mapulatifomu omangidwa posachedwa, koma masiteshoni ambiri akale anali opanikiza kuposa pamenepo. Mapulatifomu pafupifupi 1,300 anafunika kusemedwa m'mphepete, ndipo ntchitoyo inayerekezedwa kuti idya mayuro 50 miliyoni. Awa ndi anthu odziwa njanji, a m'dziko lomwe lakhala ndi sitima zaka zoposa zana. Vuto linali lakuti zolembedwa papepala zinasiyana ndi zomwe zinali pamalopo.

Kusiyana kumeneku kumakula mukayamba kukumba. Siteshoni yamumzinda imakhala pamalo omwe mibadwo yakhala ikukwirira zinthu: mapaipi amadzi, ngalande zachimbudzi, mawaya amagetsi ndi a foni, ena omwe mwiniwake sakudziwikanso. Mapu amati paipi ili apa, fosholo n'kuipeza uko. Ikapezeka, simungoidula. Mumalembera eni ake, iwo ali ndi ntchito zawo ndi bajeti yawo, ndipo miyezi imatha mukudikira kalata imodzi. Ku London, pomanga njira yomwe pano ikutchedwa Elizabeth line, pafupi ndi siteshoni ya Liverpool Street panali manda akale, ndipo mu 2015 akatswiri anafukula mafupa a anthu pafupifupi 3,000 amisiri asanapitirize.

Njira yomweyi ya ku London ikutionetsa kuchedwa kwa mtundu wina, komwe sikuoneka ndi maso. Inayenera kutsegulidwa mu December 2018, koma inatsegulidwa pa 24 May 2022, ndipo siteshoni ya Bond Street inadikirabe mpaka October chaka chomwecho. Ndalama zinakwera kuchoka pa mapaundi 14.8 biliyoni kufika pafupifupi 19 biliyoni. Ngalande zapansi zodutsamo sitima zinali zitakumbidwa kalekale. Zomwe zinatsala ndi mawaya, zitseko, makamera, zozimitsira moto, ndi kugwirizanitsa sitima ndi madongosolo atatu osiyana otsogolera kayendedwe kake. Siteshoni ingaoneke yatha, matailosi akuwala, koma ngati alamu ya moto sikulankhulana ndi zikepe komanso mafani otulutsa utsi, palibe injiniya wanzeru amene angasaine kuti anthu alowe. Pamenepa ine ndili kumbali ya wokana kusaina. Chimene sindigwirizana nacho n'chakuti anthu anauzidwa za kuchedwaku kumapeto kwa August 2018, patangotsala miyezi yochepa kuti tsiku lolonjezedwa lifike. Ntchito yotsala ndi zaka zitatu siioneka ngati yotsala ndi miyezi inayi kwa amene ali mkati mwake.

Apa ndiye tafika pa kuchedwa kopanda chifukwa chomveka. Tsiku lotsegulira nthawi zambiri limalengezedwa mapulani asanathe, chifukwa wandale akufuna lifike chisankho chisanachitike. Mtengo umatchulidwa wotsika kuti ntchito ivomerezedwe. Mzinda wa Stuttgart ku Germany unayamba kumanga siteshoni yake yapansi panthaka mu 2010 poganiza kuti itha mu 2019. Pofika mu 2025 inali isanatsegulidwe, ndipo mtengo unali utachoka pa mayuro 4.5 biliyoni n'kupitirira 11 biliyoni. M'mizinda yosauka vuto lofala ndi la ndalama zobwera modukizadukiza. Boma limapereka ndalama chaka ndi chaka, pomwe ntchito ndi ya zaka zinayi. Kontirakitala akapanda kulipidwa amachotsa makina n'kubalalitsa amisiri ake, ndipo kuwabwezeretsa kumadya ndalama zina. Pakadali pano dzenje ladzaza madzi, simenti yauma m'matumba. Onjezanipo kuti njanji ili m'manja mwa bungwe lina, sitima m'manja mwa lina, msewu wakutsogolo ndi wa khonsolo, ndipo aliyense akudikira mnzake.

Malo osiyidwa sakhala chomwecho mpaka mudzabwere. Ku Cape Town, sitima za pa Central Line, zomwe zimatumikira madera a Langa, Mitchells Plain ndi Khayelitsha, zinaima kumapeto kwa 2019 chifukwa cha kuba ndi kuwononga zipangizo. M'miyezi yotsatira mawaya anazulidwa, masiteshoni anagumulidwa, ndipo mabanja osowa pokhala anamanga zisakasa panjanji penipeni. Ntchito yomwe ikanakhala yokonza inasanduka yomanganso, komanso yopezera anthu malo ena okhala. Amene ankakwera sitimazo anakakamizika kulipira zambiri pa mabasi ndi minibasi kwa zaka. Siteshoni yotsekedwa imafuna mlonda ndi magetsi kuyambira usiku woyamba, koma ndalama imeneyi ndi yomwe imayamba kudulidwa.

Chomwe chimandipweteka kwambiri pa ntchito yathuyi ndi kasanjidwe ka zoyamba ndi zomalizira. Timakonda kuyamba ndi chomwe chidzaoneke bwino pachithunzi: khomo lalikulu lagalasi, mashopu, denga lopindika. Chomwe wapaulendo akufuna m'mawa uno n'chaching'ono kuposa pamenepo. Akufuna mlatho wodutsira pamwamba pa njanji womwe ndi wotakata, kuti asadumphe njanji sitima ikubwera. Akufuna magetsi kumapeto kwa pulatifomu komwe mtsikana wochokera kuntchito usiku amatsikira, pobisalira mvula, chimbudzi chotsegula, ndi mawu omveka onena kuti sitima yachedwa ndi mphindi zingati. Zambiri mwa izi zingachitike m'miyezi, osadikira pulani yaikulu.

Mzinda wa Mumbai unalipira mtengo wa kudikiraku ndi miyoyo. Pa 29 September 2017, mvula itagwa mwadzidzidzi, anthu anaunjikana pa mlatho wopapatiza wa oyenda pansi pa siteshoni ya Elphinstone Road. Otsika sitima ankabwerabe, obisala mvula sankasuntha, ndipo pamasitepe anthu anapondana. Anafa 23. Madandaulo okhudza kuchepa kwa mlathowo analipo kale. Ngoziyo itachitika, asilikali anapatsidwa ntchito yomanga mlatho wina, ndipo unatsegulidwa mu February 2018, miyezi isanu yokha chichitikire ngozi. Luso linalipo, zitsulo zinalipo, malo analipo. Mlathowo unali usanaikidwe patsogolo basi.

Anthu aulumali ndi amene amadikira kuposa wina aliyense. Sitima zapansi za ku New York zili ndi masiteshoni 472, ndipo pofika mu 2022 pafupifupi imodzi yokha pa zinayi zilizonse ndi yomwe munthu wa panjinga ya olumala ankatha kufikamo, ngakhale lamulo loteteza ufulu wa anthu aulumali m'dzikolo linakhazikitsidwa mu 1990. Pambuyo pa milandu kukhoti, akuluakulu a sitimazo anavomera kuti masiteshoni 95 pa 100 alionse adzakhale ofikirika pofika 2055. Kuika chikepe m'siteshoni yakale n'kovutadi, poti dzenje lake liyenera kudutsa pakati pa mapaipi ndi mizati, n'kutulukira pamsewu pomwe pali malo. Komabe wachinyamata amene lero akulephera kutsika masitepe amenewo adzakhala wachikulire chaka chimenecho chikamafika.

Mukapeza mpata wofunsa akuluakulu a sitima mumzinda mwanu, kaya pamsonkhano kaya kudzera kwa khansala, musakhutire ndi tsiku limodzi lomalizira zonse. Funsani kuti ntchito yagawidwa m'magawo angati, ndi gawo liti lomwe apaulendo ayambe kuligwiritsa ntchito chaka chino. Funsani ngati ndalama za ntchito yonse zilipo kapena ndi za chaka chimodzi chokha, ngati anakumba poyesa kuti adziwe zomwe zili pansi asanasainirane ndi kontirakitala, komanso ngati anaganizirapo zotseka siteshoni kwa masabata ochepa n'kuika mabasi, m'malo movutika ndi maola atatu a usiku kwa zaka. Njira yotsekayi imawawa, koma nthawi zambiri imafupikitsa ntchito kwambiri, ndipo apaulendo ambiri amaivomera akauzidwa tsiku lenileni lotsegulira ndi komwe akakwerere basi.