Mkangano wa woyera ndi mgaiwa unayambira pa mtondo

Lachisanu lililonse ku ofesi kwathu timadyera pamodzi, aliyense n'kubwera ndi kontena ya zomwe zaphikidwa kunyumba. Pa ndiwo sitivutana. Wina amabweretsa nkhwani wotendera, wina usipa wa tomato, ndipo kaphikidwe timauzana mosabisa, mpaka chidulo choyika m'therere. Fumbi likuuka pa nsima, chiyambire pomwe adokotala anauza mnzathu wina kuti chifukwa cha shuga ayambe kudya mgaiwa.

"Achimwene, mgaiwa ndiye nsima ya makolo," amatero iyeyo.

"Iyayi asisi, umenewo tinkadya kusukulu yogonera komweko. Agogo anga sakanaupereka kwa mlendo."

Mawu oti makolowo ndi ofunika kuwagwira mosamala. Chimanga n'chobwera, kwawo ndi ku America, ndipo chinafika ku Africa kudzera mwa amalonda a panyanja chitadutsa chaka cha 1500. Akatswiri ena amati ngakhale dzina loti chimanga limaloza kugombe komwe chinadzera. Za chaka chomwe chinalowa kuno olemba mbiri sagwirizana, koma David Livingstone atayenda m'mapiri a Shire mu 1859 anachipeza m'minda pamodzi ndi mapira, mawere, nyemba ndi mtedza. Umboni wake ndi wa munthu wodutsa, woona minda kuposa makhitchini, komabe ukusonyeza kuti chimanga chinali mbewu imodzi mwa zingapo. Ufumu chinaulanda pambuyo pake, m'nthawi ya atsamunda. Kunyanja, monga ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, kondowole sanagonje mpaka lero.

Ufa woyera unali thukuta la amayi. Ankakonola chimanga mumtondo, n'kupeta kuti madeya achoke. Mphale ankaiviika m'madzi masiku angapo mpaka itayamba kafungo kowawasa kaja, kenako kutsuka, kuyanika pamphasa, kusinja, kusefa, n'kuyanikanso ufawo padzuwa. Mgaiwa, monga dzina likunenera, ndi mwana wa chigayo: chimanga chimangolowa ndi khungu lake lomwe. N'chifukwa chake unazika mizu komwe kumadyetsedwa gulu, m'maesiteti, m'sukulu ndi m'ndende, ndipo manyazi ake anachokera kumeneko.

Pomwe ine ndimaona kuti nkhani inakhotera ndi pa mbewu. Boma la Kamuzu Banda linalimbikira kuti alimi abzale haibulidi, ndipo ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkagula zokolola. Zokolola zinkachulukadi. Koma haibulidi wa nthawi imeneyo, monga MH12 ndi MH16, anali wa njere zofewa. Ukamuthira mumtondo n'kugwetsa munsi, njere zinkaphwanyika, ufa wambiri n'kupita limodzi ndi madeya palichero. M'nkhokwe namonso anankafumbwe sankachedwa kumuboola. Chimanga cha makolo, cha njere zolimba ngati mwala, chinkatuluka mumtondo chili mphale yathunthu ndipo chinkasungika mpaka dzinja.

Ndiye mabanja anagawa munda pawiri, haibulidi wogulitsa, cha makolo chodya. Kwa zaka zambiri alangizi ndi akatswiri ankati alimi ndi osamva, okakamira zakale. Amayiwo sankalemba malipoti, koma ankadziwa kuti thumba limodzi likadutsa mumtondo patsala ufa wochuluka bwanji, chinthu chomwe woyeza matumba pamunda sankachiona. Pamapeto pake anagonja ndi akatswiri. Mu 1990 ofufuza a boma a ku Chitedze, mothandizana ndi CIMMYT, bungwe la padziko lonse lofufuza za chimanga ndi tirigu, anatulutsa MH17 ndi MH18, haibulidi wa njere zolimbirapo woti n'kukonoleka. MH18 ndiye anafala kwambiri, mpaka kulowa m'nkhokwe za chakudya cha pakhomo. Ena amati ngongole za feteleza ndi zomwe zinakopa alimi, ndipo pali choonadi pamenepo, koma ngongole zinalipo kale haibulidi wofewa akukanidwa pamphika.

Zomwe zinadza pambuyo pake n'zodziwika: chilala cha 1992 ndi chimanga chachikasu chothandizira, chomwe anthu anadya akudandaula, zigayo zokonola zomwe zinapumitsa mtondo, ndi ufa wa gramil womwe unakhala pakati pa woyera ndi mgaiwa. Lero achipatala akuyamikira mgaiwa chifukwa chomwecho chomwe ankanyozedwera, khungu ndi mtima wa njere zomwe woyera amataya.

Lachisanu lapitali asisi aja anabwera ndi mitanda inayi ya mgaiwa. Achimwene aja anadya iwiri, akunena kuti angolawa, kenako anatulutsa foni kufunsa mayi awo kumudzi ngati mphale amaiviika masiku atatu kapena anayi.