Chifukwa chake ana ambiri a Chilomwe ku Zomba sachitha Chilomwe

Sukulu zikatsegulidwa mu September, aphunzitsi a ku pulayimale amakonda kutuma ana kuti akafunse kwawo: ndinu a mtundu wanji, makolo anu anachokera kuti, mumavina magule otani? Kuno ku Zomba kantchito kameneka kamautsa mapiri pachigwa. Makolo ena amati kufunsa mwana mtundu wake ndi kufesa tsankho, makamaka masiku ano pamene magulu a chikhalidwe akuoneka kuti anaphatikana ndi ndale. Ena amati mwana wosadziwa kwawo ndi wosokera. Koma mwana wa ku Jali kapena ku Mayaka akabwerako n'kunena kuti kwawo ndi Alomwe chikhalirecho ngakhale agogo ake Chilomwe sachitha, pamenepo pali nkhani yakale kuposa mkanganowu.

Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Ankathawa njala, msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Atafika anapeza malo ali ndi eni kale: mbali ina mafumu a Chiyao ndi a Chimang'anja, mbali ina azungu a maesiteti. Wobwera analibe poponda. Ambiri anakakhala pa esiteti, ndipo lendi yake inali thangata.

Ine ndimaona kuti zinthu zinakhotera pa Magomero, m'malire a Zomba ndi Chiradzulu, pa minda ya thonje ndi fodya ya A. L. Bruce Estates. Pa lamulo munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho. Pa Magomero miyezi ija inkatalika, ndipo inkagwa nthawi ya dzinja pamene munthu akufunika kupalira munda wake. Malipiro nthawi zina ankakhala masamba a fodya. Chimene chimandiwawa kwambiri, poti tikunena za ana ndi sukulu, n'chakuti mwini esiteti sankalola sukulu kapena tchalitchi pamalo pakepo. Timatchalitchi taudzu timene anthu a John Chilembwe ankamanga, momwenso ana ankaphunziriramo kuwerenga, woyang'anira esiteti William Jervis Livingstone ankatitentha. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anamupha m'nyumba mwake, ndipo ambiri mwa amene anapita kumeneko anali Alomwe a pa esiteti yomweyo. Chilango chimene chinatsatira chinali choopsa: midzi inatenthedwa, anthu anaomberedwa, ena ananyongedwa. Pambuyo pake kumveka ukuyankhula Chilomwe kunali kudziulula kuti ndiwe mlendo, wathangata, wokayikitsa. Dzina lachipongwe lakuti Anguru linkangowonjezera manyaziwo. Mayi amene ankafuna kuti mwana wake asasekedwe pamsika kapena pachitsime ankamuyankhula Chinyanja.

Umboni wa zimenezi sulemera mofanana. Bungwe limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako linavomereza kuti anthu ankazunzidwa pa Magomero, koma mawu ambiri amene analembedwa ndi a azungu, mafumu ndi ophunzira a ku mishoni, osati a mayi wothyola thonje. Komanso mu February 1919 moto unatentha maofesi a boma kuno ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirirazo anapsera momwemo. Choncho amene angapite ku National Archives, nyumba yosunga zolembedwa zakale imene inayamba mu 1947, kukafuna dzina la kholo lake limene linaoloka malire mu 1902, asadabwe akabwerako chimanjamanja. Zokamba agogo zimasokoneza zaka, inde, koma zimasunga zimene pepala linataya: fumu imene inawalandira, mtsinje umene anaoloka, ndiponso ngati anali Amihavani, Amanyawa, Akokhola kapena Atakhwani.

Zotsatira zake n'zodziwika. Lewis Mataka Bandawe, mmodzi mwa atsogoleri a Alomwe, ndi anzake analimbana ndi dzina lachipongwe lija m'zaka za m'ma 1940 mpaka boma linalisiya. Thangata linatha mu 1962. Mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha fuko, cha pa wailesi ndi cha m'kalasi, koma kunena zoona chinapeza Chilomwe chitafooka kale m'makomo ambiri. Mulhako wa Alhomwe unabwera mu 2007, ndipo gule wa tchopa anazindikiridwa mu 2014 ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 mwa Amalawi 100 alionse, achiwiri kwa Achewa.

Makolo oopa tsankho ndimawamvetsa, pakuti taonapo mtundu ukugwiritsidwa ntchito pofunira mavoti ndi maudindo. Komabe sindingagwirizane ndi amene amaseka Mlomwe wosadziwa Chilomwe ngati kuti anachitaya mwaulesi. Agogo aja anachibisa pofuna kuteteza ana awo. Mphunzitsi wa ku Thondwe kapena ku Namadidi akamatuma ana chaka chino, awonjezere mafunso awiri: makolo anu atafika anakhala pamalo a yani, nanga woyamba kupita kusukulu m'banja mwanu anali ndani?