Tauni ya sitima yomwe yadzaza ndi ma Sienta

Amene anaika tauni ya Mangochi pomwe ilipa sankaganiza za galimoto ngakhale pang'ono. Maso awo anali pa mtsinje wa Shire. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi mudzi wa mfumu Mponda kuti azilonda pamene Shire amatulukira m'nyanja, chifukwa apa ndi pomwe amalonda a ukapolo ankaolokera popita kugombe la nyanja ya mchere. Malowo anawatcha Fort Johnston, ndipo patapita zaka zochepa boma linasamukira tsidya lino la kumadzulo. Msewu waukulu wa nthawi imeneyo unali madzi. Katundu, makalata, amishoni ndi asilikali ankabwera pa sitima, ndipo maofesi ndi masitolo anamangidwa moyang'ana doko.

Zizindikiro zake zikadalipo. Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe anamwalira mu 1901, ili chifupi ndi mtsinje. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inakaphwanya sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Lero woyendetsa kabaza amazungulira nsanjayo kambirimbiri pa tsiku osaiyang'ana n'komwe, maso ali pa kasitomala.

Ulemerero wa doko sunakhalitse. Madzi a Shire anatsika kwa zaka zambiri mpaka sitima zinkalephera kudutsa, ndipo njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935 malonda a panyanja anatsata njanjiyo. Kenaka Monkey Bay inakhala kwawo kwa sitima. Fort Johnston, imene inadzatchedwa Mangochi dziko litalandira ufulu, inatsala boma lachete la asodzi, alimi ndi ogwira ntchito m'boma. Mu nthawi ya Kamuzu munthu wa galimoto yake ankadziwika ndi tauni yonse. Ena tonse tinkadikira basi ya UTM, ndipo ikakusiya unkagona padepoti.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Malonda atamasuka, maminibasi ndi matola anadzaza m'misewu, pamene kampani ya mabasi akuluakulu, yomwe inasintha dzina kukhala Stagecoach kenaka Shire Bus Lines, inkafooka mpaka kutsekeratu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunatsegulidwa mlatho wa Bakili Muluzi, womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, m'malo mwa mlatho wakale wopapatiza. Apa ndi pomwe nkhani inayambira. Mlathowo unatsegula njira ya ku Namwera ndi ku Chiponde, chipata cholowera ku Mozambique, ndiponso ya ku Malindi ndi Makanjira. Koma aliyense wopita tsidya, kaya ndi thiraki yodzaza chimanga, kaya mayi wa dengu la usipa pa njinga, ayenera kudutsa pakati penipeni pa tauni. Njira ina palibe.

Magalimoto enieniwo anachokera mbali ziwiri. Yoyamba ndi Joni. Anthu a kuno anayamba kalekale kupita ku South Africa, kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, ndipo ngakhale makontirakiti aja anatha achinyamata sanasiye. Wopita ku Joni akapeza kangachepe amatumiza malata, kenaka njinga yamoto, kenaka galimoto yoti mng'ono wake aziyendetsa kuti pakhomo pasagone njala. Mbali yachiwiri ndi intaneti. Mphunzitsi kapena namwino amatha kusankha Vitz kapena Sienta yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan ali pafoni yake, n'kuilandira kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Onjezanipo njinga zamoto zotchipa, zambiri zolowera ku Mozambique, ndi msewu wa Liwonde umene unakonzedwanso n'kukhala wosalala.

Tisanamizane, kuno kulibe mzere wa magalimoto ngati wa ku Lilongwe kapena pa Chipembere Highway ku Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira 50,000 m'tauni muno. Koma boma lonse la Mangochi lili ndi anthu oposa 1 miliyoni, ndipo chipatala chachikulu, mabanki, khoti, msika ndi maofesi a DC zonse zili pakamtunda kamodzi. Vuto lathu si kuchuluka kwa magalimoto kokha ayi, koma kuti msewu umodzi womwewo ndi njira ya mathiraki, ndi siteji, ndi msika. Sienta imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Woitanira amakuwa kuti "Monkey Bay wamsangayo, awiri okha!" galimoto ili theka pa phula, buti lili chitsegukire, m'katimo muli anthu khumi pamalo pa asanu ndi awiri. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira kuyambira 2022, mzere wa pafilingi sitesheni umadya mbali yonse ya msewu, ndipo a zigubu amabwera kudzatsekeratu pomwe panatsala.

Mkangano wa mwini wa m'mbali mwa msewu ndi wakale. Khonsolo imati aliyense apite kudepoti ndi kumsika. Mavenda ndi madalaivala amati kasitomala ali kumsewu, ndipo tikiti timadula tsiku ndi tsiku, nanga ndalamazo zimapita kuti? Apolisi apamsewu akagwira njinga zopanda nambala, laisensi kapena helimeti, anyamata a kabaza amati ndalama zolembetsera n'zosatheka kwa munthu amene amakapereka "ya bwana" madzulo aliwonse. Onse ali ndi pake. Kuthamangitsana kumagwira sabata imodzi, kenaka zonse zimabwerera mwakale.

Ena amasirira misewu ikuluikulu imene yamangidwa ku Lilongwe, ndi ija yodutsana pamwamba pa Area 18. Kwa ine zimenezo si mankhwala a kuno. Mukakulitsa msewu wa m'tauni mugwetsa masitolo, n'kupatsa mathiraki liwiro pamalo pomwe anthu ambiri amayenda wapansi ndi pa njinga zakapalasa. Zofunika n'zotchipa kuposa pamenepo: malo oimikapo magalimoto odziwika bwino, masiteji a kabaza amene eni akewo agwirizana nawo, kanjira ka oyenda pansi ndi njinga, magetsi a mumsewu, ndi kulola a njinga zamoto kulembetsa polipira pang'onopang'ono. Ndalama za misewu a Roads Fund Administration amatolera pa lita iliyonse ya mafuta ndi pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke, ndiye si kupempha chifundo kufunsa kuti matauni ang'onoang'ono alandireko gawo looneka.

Chachikulu ndi malo. Tauni ikukula motsata misewu ya Liwonde ndi Monkey Bay, mapuloti akugulitsidwa tsiku lililonse, ndipo msewu wa Makanjira ukadzatha phula magalimoto odutsa pa mlatho adzawonjezeka. Ngati khonsolo ndi mafumu sasunga lero mpata wa njira yolambalala yodutsa mathiraki, pofika nthawi yoifuna padzakhala pataima nyumba za njerwa zootcha, ndipo ndalama ya chipukuta misozi yokha idzaposa ya msewuwo.